Tsiku Limene Ndinatsutsa A Hedi Anga

Atsikana anzanga a m'gulu la mapemphero pa sukulu yathu ya sekondale, landirani moni m'dzina la Ambuye amene watisunga. Ndine Elube wa ku Ngokwe, uja ndinkabisala ku mzere wakumbuyo pa kwaya chifukwa cha manyazi. Ndinamva kuti munavina dzina langa litatchulidwa pa wailesi kuti ndasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Chimene simunamve n'chakuti ndinatsala pang'ono kubwezedwa kumudzi chaka choyamba chisanathe. Sindinadwale, sindinachite zachibwana, ndipo mabuku ndinkawerenga ndithu. Chimene chinafuna kundichotsa sukulu ndi ulemu umene amayi anandiphunzitsa, poti ndinauika pamalo olakwika.

Ku yunivesite kuli kaphunziridwe kena kamene amati semina. Si ngati kalasi ya ku sekondale imene aphunzitsi amalemba pa bolodi ife n'kumakopera. Timakhala ophunzira ochepa mozungulira tebulo. Aphunzitsi amagawa nkhani zoti tiwerenge, ndipo mlungu uliwonse wophunzira mmodzi amaimirira, amafotokoza zimene wolemba wanena, kenako amatsogolera anzake kukambirana. Aphunzitsi athu, a Dokotala Soko, ankakhala pakona osanena kanthu, akungolemba. Malikisi ambiri a phunzirolo amachokera pa tsiku lako lotsogolera, ndipo wolephera chaka choyamba amatumizidwa kwawo. Anzathu amati kuwidedwa.

Tsiku loyamba nditalowa m'chipindamo ndinayang'ana amene analimo. Pa mpando wa pafupi ndi zenera panakhala a Mdoka, a hedi a sukulu ya pulayimale kwathu, amene anandiphunzitsa Sitandade 8. Aphunzitsi amene agwira ntchito zaka zambiri amaloledwa kubwera kudzawonjezera maphunziro, ndiye iwo anasiya ofesi yawo n'kukhala wophunzira ngati ine. Anali ndi kofiya yawo yoyera yomwe ija, magalasi omwe aja, imvi zokha ndizo zinali zitachuluka. Sindinaganize n'komwe. Maondo anangopinda okha, ndinagwada pa simenti n'kuwapatsa moni.

Mnyamata wina wa ku Blantyre, dzina lake Makisi, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achemwali, guwa lili kutchalitchi, muno ndi mu semina!" anatero.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka a Gwadani. Ndikadutsa ku kafeteriya ndinkamva, "A Gwadani, simenti ikukupatsani moni."

Nkhani imene ndinapatsidwa inali ya chikamwini. Analemba ndi mzungu wina amene anayenda m'madera athu kalekale. Iye ankati mwamuna wokhala kwa mkazi salimbikira ntchito chifukwa munda si wake, sabzala mitengo, ndipo n'chifukwa chake thonje silipita patsogolo m'midzi ya chikamwini. Nditawerenga, mtima unandiwawa. Bambo anga ndi mkamwini. Makolo awo anachokera ku Mozambique opanda ngakhale kachigawo ka nthaka, koma pitani ku Ngokwe mukaone thonje lawo ndi mzere wa mitengo ya mango kuseri kwa nyumba. Ndinakonzekera bwino kwambiri, ndipo ndinali ndi yankho pa mfundo iliyonse ya mzunguyo.

Tsiku langa litafika ndinafotokoza nkhani yonse mosadodoma. Vuto linayamba pofika pokambirana. Ku pulayimale kwathu a hedi ndiwo ankayamba kulankhula pa asembule, ndiye ndinaona kuti n'kupanda khalidwe kuloza mnyamata munthu wa imvi ali pomwepo. Ndinati, "A hedi, tiyambe ndi inu."

Anadzidzimuka, anakhosomola, kenako anati wolembayo wanena bwino, ndi munthu wophunzira amene anayenda n'kuona yekha. Yankho linali pakamwa panga penipeni. Koma ndingamuuze bwanji kuti walakwa munthu amene anandiphunzitsa masamu ogawa, amene bambo anga amavula chipewa akakumana naye? Ndinamva mawu anga akunena kuti, "Inde, a hedi. Zikomo."

Ndinayesa kuloza ena, koma aliyense ankangoti, "Tikugwirizana ndi a Mdoka." Ine sindiwaimba mlandu. M'dziko muno munthu amalankhula moyang'ana uku ndi uku, chifukwa sudziwa amene angatenge mawu ako n'kukawatula kwa a boma. Kugwirizana ndi wamkulu komanso ndi buku losindikizidwa ndi mthunzi wabwino wobisalamo. Chipinda chinangoti zii, ine chiimirire, mpaka a Dokotala anatseka semina nthawi ikadalipo yambiri.

Ena atatuluka anandiitana. "Elube, kufotokoza wafotokoza bwino, koma sunatsogolere. Ndikupatsa mwayi wina tikabwera ku tchuthi, nkhani yomweyi. Zikadzabwerezanso, ine sindidzatha kukuthandiza."

Atsikana anzanga, masiku otsatirawo anali owawa. Inu amene mumandidziwa mukukumbuka kuti ndimalemba zochitika za tsiku lililonse m'kabuku kanga. Pa masiku amenewo masamba ake ndi oyera. Ndinkadziona ndikutsika basi ndi sutikesi yanga, anthu akufunsana kuti, si uja anamutchula pa wailesi? Ndinkaganiza za azibambo a kwathu amene amati kuphunzitsa mwana wamkazi n'kutaya nthawi, kuti tsopano adzakhala ndi dzina loti azilozera. A Mdoka ndinkawathawa. Ndikawaona akubwera m'khonde la makalasi ndinkakhotera ku laibulale.

Kupemphera ndinkapemphera, koma musandiseke. Ndinapempha Mulungu kuti awasamutsire a hedi m'gulu lina. Zitakanika, ndinapempha kuti tsiku la semina yanga adzagwidwe ndi chimfine, chaching'ono chabe, choti agone tsiku limodzi. Patapita nthawi ndinachita manyazi ndi pemphero limenelo, ndipo ndinangoti, "Ambuye, ndipatseni pakamwa, koma musandilande ulemu. Njira yake ine sindikuiona."

Tchuthi chitafika sindinalimbe mtima kupita ku Ngokwe. Bambo akanandifunsa za sukulu, ndipo ndikanawauza bwanji kuti ndinavomera pagulu kuti akamwini ndi aulesi? Ndinapitirira ku Balaka kwa mayi aakulu, achemwali awo a amayi. Ndinapeza pakhomo pali nkhani. Mwana wawo Marita anali atasemphana ndi mwamuna wake Yusufu. Yusufu ankafuna kumutengera kwawo cha ku Machinga, Marita akukana kusiya munda ndi mayi ake okalamba. Ankhoswe a mbali zonse anali ataitanidwa kale.

M'mawa wa tsiku la nkhaniyo ndinkachokera ku mjigo ndi ndowa pamutu. Nditafika pa mpanda ndinaona kofiya yoyera pansi pa mtengo wa bwemba. Madzi anandikhuthukira kumsana. Nkhoswe wa Yusufu anali a Mdoka, poti Yusufu ndi mwana wa mlongo wawo. Munthu amene ndinamuthawa ku Zomba konse kuja anali atakhala pa mpando wa mayi aakulu.

Kothawira kunalibe, ndiye ndinakhala pa mphasa kumbuyo kwa amayi ena. Woyendetsa nkhani anali amjomba anga a Lazaro, alongo awo a amayi, munthu wofatsa wosakonda kukweza mawu. Anayamba ndi Marita, amene anali wamng'ono pa onse. Atatha kudandaula, amjomba anabwereza mawu ake mwachidule n'kumufunsa, "Ndamva bwino?" Marita atavomera, iwo anati, "Mawu awo ndawalandira, ndikuwatula kwa inu a Yusufu." Yusufu anayankha, ndipo atatentha mtima n'kuyamba kukumba za njinga imene mlamu wake anabwereka n'kuiwononga, amjomba anangoti, "Imeneyo ndi ya tsiku lina, tiyitsamize pa khonde. Lero tabwerera za kokhala." Mawu ankayenda chomwecho, kuchoka kwa ana kupita kwa akulu. A Mdoka anali chete nthawi yonseyi, akungosuntha mikanda ya tasibihi yawo yopempherera ndi chala. Analankhula pomaliza, mawu ochepa, akuti banja likhale kaye ku Balaka mayi aakulu akadali ofooka, za kusamuka zidzaonedwe akakolola. Onse anawomba m'manja, nkhani n'kutha.

Zimenezi ndinali nditaziona kuyambira ndili mwana, koma sindinaganizepo kuti zingakhale ndi ntchito ku yunivesite.

Dzuwa litafika pamutu, mayi aakulu anandituma kukapereka madzi kwa a Mdoka kuti asambe m'manja ndi kumapazi asanaswali, poti iwo ndi Msilamu. Ndinagwada ndi beseni, maso pansi.

"Mwanache, mwana iwe, wandithawa teremu yonse," anatero. "Lero ndowa yakugwira."

"Iyayi a hedi, sindimathawa."

"Usaname, uli pafupi ndi munthu wopita kukapemphera. Tandiuza, pa nkhani ngati ya leroyi, kwanu amayamba kulankhula ndani?"

"Ana, a hedi."

"Nanga wamkulu?"

"Pomaliza. Akalankhula wamkulu ndiye kuti nkhani yatha."

"Nanga ine unandiponyeranji kutsogolo tsiku lija? Chikwapu cha Sitandade 8 sunakhululukebe?"

Ndinakweza maso, ndipo ndinaona kuti akuseka. Sindinawaonepo akuseka zaka zonse za ku pulayimale. Anandiuza kuti tsiku limenelo maganizo awo anali asanakhazikike, Chizungu cha mzungu uja chinali chokhota, ndiye nditawadzidzimutsa anangogwira chapafupi.

"Ine amene ndakhala pa chikamwini ku Nselema mpaka imvi izi, mango onse a pakhomo ndinabzala ndi manja awa, unandinenetsa kuti akamwini ndi aulesi. Akazi anga akanamva, bwenzi ndikugona m'khola la mbuzi! Ndipo tamvera. Ana aja amandiopa ngati mmene umandiopera iwe. Ndikatsegula pakamwa onse amatseka pawo. Ukuganiza kuti ndinasiya ofesi kuti ndizidzamva mawu anga omwe? Udzandisunge kumapeto. Ndikadzanena zokhota, udzandiwongole."

"Sindingathe kukutsutsani, a hedi."

"Udzatha, Inshallah. Ndinakuphunzitsa kuti ukhale ndi mutu, osati maondo okha. Iwe kapemphere kwanu, ine ndipemphera kwathu. Thira madziwo, nthawi ikupita."

Ndinathira madziwo mumtima mutapepuka. Ndinazindikira kuti pemphero langa layankhidwa, ndipo yankho labwera ndi munthu yemwe uja ndinkamupemphera chimfine.

Titabwerera ku Zomba, tsiku la semina ndinavala diresi yanga yabuluu ya ku tchalitchi. Ndinafotokoza nkhani mwachidule, kenako ndinawauza kuti lero tikambirana monga timachitira kwathu, kuyambira wamng'ono. Ndinaloza Tiwonge, mtsikana wa ku Mzimba amene anali asanalankhulepo chiyambire. Poti panalibe wamkulu amene anali atatseka njira, analankhula. Anati kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, munda si wake, koma palibe amene analembapo kuti akazi a kwawo ndi aulesi. Ndinabwereza mawu ake n'kumufunsa ngati ndamva bwino. Atagwedeza mutu ndinati, "Mawu awo ndawalandira, ndikuwatula kwa inu a Makisi."

"Ee, lero a Gwadani atitengera kwa ankhoswe!" anatero Makisi. "Ndiye wasiya banja ndani?"

Anthu anaseka, koma mawu anali atatulidwa kale m'manja mwake, ndipo sakanatha kungowasiya. Anayankha, wina anamutsutsa, wina anaikira kumbuyo wolemba uja, ndipo posakhalitsa manja anali m'mwamba mbali zonse. Ine ntchito yanga inali kulandira ndi kutula.

Kenako panachitika chimene ndinkaopa. Makisi atatenthedwa anati vuto la thonje si chikamwini, koma mtengo umene mlimi amapatsidwa ku msika wa boma. Cholembera cha a Dokotala chinaima. Aliyense anayang'ana pa tebulo. Inu mukudziwa kuti mawu odzudzula boma otere akatuluka panja sabwera okha, amabwera ndi apolisi, ndipo woyamba kufunsidwa amakhala amene anatsogolera. Pomwepo ndinakumbukira njinga ya Yusufu.

"A Makisi, imeneyo ndi ya tsiku lina, tiyitsamize pa khonde," ndinatero. "Lero tabwerera mkamwini ndi munda wake. Inu amene munakulira m'tauni, bambo anu nyumba ya lendi amaisamala kapena ayi?"

Makisi anandiyang'ana, ndipo anazindikira kuti ndikumupulumutsa. "Amaisamala, amayi a pampando," anatero mofatsa. "Mpaka anabzala mapapaya." Chipinda chinapumanso, nkhani n'kubwerera m'njira yake.

Onse atalankhula ndinatembenukira ku zenera. "A hedi, ana atha. Tikutula kwa inu."

Anakonza magalasi. Anati amva zonse, ndipo avomera kuti wolembayo analakwa pa za ulesi. "Koma pa chimodzi ananena zoona," anatero. "Mkamwini sabzala mtengo, chifukwa amadziwa kuti tsiku lina akhoza kuuzidwa kuti nyamula bulangete lako." Atatero anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, monga ankachitira akandiitanira ku bolodi.

Mitu inayamba kugwedezeka movomera. Ndinaona kuti ndikangoti zikomo, semina itha monga inathera poyamba. Maondo ankafuna kupinda, ndiye ndinagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Mumtima ndinangoti, Ambuye, ndi pano.

"Ndamva, a hedi, ndipo mawu anu ndawalandira," ndinatero. "Koma sindikugwirizana nanu."

Sindinafe, atsikana anzanga. Denga silinagwe. Ndinapitiriza kunena kuti wolembayo anafunsa za mwini munda, koma sanafunse za amene adzadye zipatso. Kwathu munda umatsata mayi, ndiye kuti ndi wa ana. Bambo anga pobzala mango sankaganiza za bulangete, ankaganiza za ine ndi azing'ono anga, poti ngakhale iwo atachoka ife tidzatsala pomwepo. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndamvanso kuti ku Nselema kuli mkamwini wina wa imvi amene mango ake amadyetsa mudzi wonse.

A Mdoka anavula magalasi n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Kenako anatembenukira pakona.

"A Dokotala, mwana uyu ndinamuphunzitsa ndine. Zimenezonso mulembe."

Nthawi inatha anthu akukanganabe, mpaka a kalasi ina anagogoda pachitseko. A Dokotala Soko si munthu woyamikira kwambiri. Anangoti, "Elube, wakhoza. Imeneyi ndiye semina." Mlungu wotsatira wotsogolera anali Makisi, ndipo ndi makutu angawa ndinamumva akuti, "Tiyambe ndi wamng'ono."

Tsiku la semina yanga lija titatuluka, ndinawapeza a hedi pa masitepe. Ndinagwada pomwepo, anthu akudutsa, n'kuwathokoza monga mwana wa kwathu amathokozera. Makisi anali pambali atandigwirira mabuku, ndipo sanaseke. Dzina la a Gwadani lilipobe mpaka lero, koma tsopano ndimaliyankha mutu uli m'mwamba.

Zotsatira za chaka zatuluka, ndipo ndikupitirira ku chaka chachiwiri. Ndikulemba izi ndili ku Ngokwe. Nditawafotokozera bambo nkhani yonse, sananene zambiri. Anangofunsa kuti, "Ndiye kuti mitengo yangayi yafika ku Zomba?" Madzulo ndinawaona akuyenda pansi pake manja ali kumbuyo, akuiyang'ana umodzi umodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandichotsere phiri, koma anandionetsa kuti njira yokwerera ndinali nayo kale kuchokera kwathu. Ndikuthokoza amjomba a Lazaro, amene mpaka lero sakhulupirira kuti anandiphunzitsa kanthu, ndi a hedi anga, amene analolera kugonja pamaso pa ana kuti ine ndiime.

Inu amene mukukonzekera mayeso, limbikirani, ndipo musaope kuti ndinu a kumudzi. Zimene amayi anu anakuphunzitsani musazisiye pa geti, mudzangofunika kudziwa poziika. Mukafika pothina pempherani osatopa, ndipo Mulungu akakana chimene mwapempha musakwiye msanga. Ine ndinapempha chimfine ndi mtima wanga wonse. Akanandipatsa, mpando wa pa zenera ukanakhala wopanda munthu, ndipo mpaka lero ndikanakhala ndisanadziwe kuti ndingathe kuima.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mchemwali wanu,
Elube